NCHITO YA DAMBO NDI MATOPE A MUMTSINJE

Mvula yaikuru ikagwa m'mwezi wa November kapena December, madzi amathamanga kucokera m'minda, natsata njira za anthu ndi za ng'ombe kufikira atalowa m'khwawa. Madzi amenewa sakhala oyera ai. Amakhala ofiira kapena akuda, monga mwa mtundu wa nthaka ya kumene acokera. Akuru anati, "Walira mvula walira matope." Koma matope amenewa si dothi lokha. M'kati mwace muli cakudya ca mbeu cimene mlimi anagula ndi ndarama zace, kapena cimene anatuta m'khola ndi ngolo. Cimodzi ca zakudya zimenezi dzina lace ndi fosiforasi. Phunziro lino lifotokoza kumene fosiforasi amapita akacoka m'munda, ndi mmene dambo ndi matope a pansi pa mtsinje zimamgwirira pa njira.

FOSIFORASI NDI CIANI?

Camoyo ciri conse cimasowa fosiforasi. M'thupi la munthu, pafupi-fupi magawo 85 mwa magawo 100 a fosiforasi ali m'mafupa ndi m'mano. Mbeu nazo zimamfuna kuti mizu yace ikule ndi kuti njere zikhwime. Cimanga cacing'ono cikamsowa cimapinimbira, ndipo m'mbali mwa masamba ace mumaoneka mtundu wofiirira woderako.

Munthu woyamba kumpatula fosiforasi pa yekha anali Hennig Brand, wa ku Hamburg m'dziko la Germany, m'caka ca 1669. Iye anali kufuna golide, ndipo anaphika mkodzo wambiri kufikira anapeza kanthu koyera kowala mumdima. M'caka ca 1842 John Bennet Lawes, wa ku England, analembetsa ku boma njira yace yosungunulira mafupa ndi miyala ndi mankhwala aukali, kuti mbeu zikhoze kudya msanga fosiforasi wa m'menemo. Malonda a feteleza anayamba kukula kucokera pomwepo.

Feteleza wa masiku ano amacokera ku miyala yokumba pansi. Yambiri ya miyala imeneyi iri ku Morocco, kumpoto kwa Africa. M'Zambia muli ina, monga ya ku Chilembwe m'dera la Petauke ndi ya pa phiri la Nkombwa kufupi ndi Isoka. Palibe munthu angathe kupanga fosiforasi watsopano. Amene watayika m'munda ayenera kukumbidwanso kwina ndi kugulidwanso.

Thumba la feteleza wa Compound D, amene alimi amathira pobzala cimanga, liri ndi manambala atatu: 10, 20, 10. Nambala ya pakati ndiyo imanena za fosiforasi. M'thumba la makilogalamu 50 muli fosiforasi weni-weni woposa pang'ono makilogalamu 4. Pa fosiforasi yense wothiridwa m'munda, mbeu za caka coyamba kawiri-kawiri zimadya gawo limodzi mwa magawo 4, kapena kucepera apo. Wotsalayo amakhala m'nthaka, makamaka m'dothi la pamwamba, ndipo dothi la pamwamba ndilo limayamba kukokoloka mvula ikakula.

ULENDO WOCOKA M'MUNDA

Fosiforasi amacoka m'munda m'njira ziwiri. Wambiri amapita atakangamira ku timibulu ta dothi tosalala kopambana, monga momwe cisoso cimakangamira ku nsaru ya munthu wodutsa pa thengo. Kumene dothi lipita, iyenso apita komweko. Wina wocepa amasungunuka m'madzi monga mcere, ndipo saoneka ndi maso ngakhale madziwo atayera mbee. Wosungunukayu amacuruka pamene feteleza kapena ndowe zasiyidwa pamtunda osakwiriridwa, mvula nkugwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Ngakhale ali wocepa, ndiye amene zomera za m'madzi zimadya msanga.

CAKUDYA CA M'MUNDA, BVUTO LA M'MADZI

Wina angafunse kuti, "Ngati fosiforasi ali cakudya, alakwa ciani polowa mumtsinje?" Yankho lace ndi ili. M'nyanja ndi m'maiwe ambiri a madzi osawawa, ndere ziri nazo zonse zofunika, dzuwa, madzi ndi mpweya, koma cimene cimaziletsa kucuruka ndi kucepa kwa fosiforasi. Iye akangofika wambiri, ndere zimaswana kufikira madzi asanduka obiriwira. Pambuyo pace zimafa ndi kumira, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaziboola ndi kuziwoletsa timatha mpweya wa okosijeni wa m'madzi, umene nsomba zimapuma. Pamenepo nsomba zimafa, madzi nanunkha.

Zimenezi zinatsimikizidwa m'caka ca 1973 ku Ontario m'dziko la Canada. David Schindler ndi anzace anachinga kanyanja kena pakati ndi cinsaru ca pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathira naitrojeni ndi shuga, koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha. Patapita nthawi yocepa, mbali ya fosiforasi inabiriwira ndi ndere, pamene mbali inayo inakhalabe monga kale.

M'mwezi wa August 2014 anthu ngati 400,000 a mumzinda wa Toledo ndi midzi yozungulira, ku America, anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipope kwa masiku ngati atatu, cifukwa ndere za m'nyanja ya Erie zinaturutsa ululu umene sutha ngakhale pophitsa madzi. Fosiforasi wambiri wodyetsa ndere zimenezo amatsika ndi mtsinje wa Maumee kucokera m'minda. Kale dziko limenelo linali dambo lalikuru ndithu, koma m'zaka za m'ma 1800 anthu analikumbira ngalande, naliumitsa, nalisandutsa minda.

M'Zambia momwemo, m'zaka za m'ma 1990, namasupuni anadzaza mtsinje wa Kafue kuyambira ca ku Mazabuka kufikira ku damu la Kafue Gorge. Comera cimeneci kwao ndi ku South America, ndipo cimakondwa m'madzi olandira zonyansa za m'matauni, za m'mafakitale ndi zotsuka m'minda. Asodzi analephera kuyendetsa ngalawa ndi kuponya maukonde, ndipo anchito a magetsi anabvutika kucotsa zomerazo pa khomo lolowera madzi. Mtsinje womwewo ndiwo umapatsa anthu a mu Lusaka gawo lalikuru la madzi ao akumwa.

NJIRA ZITATU ZA DAMBO

Pakati pa munda ndi mtsinje kawiri-kawiri pamakhala dambo. Dambo ndi malo otsetsereka pang'ono, opanda mitengo yambiri, omera udzu, mlulu ndi bango, amene amadzala madzi m'dzinja nakhalabe ndi cinyontho m'cirimwe. Madzi a m'munda akalowa m'dambo, fosiforasi amagwidwa m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kudekha kwa madzi. Madzi othamanga amanyamula dothi, koma madzi odekha amalitula. Mapesi a udzu ndi a bango, pokhala osawerengeka, amacepetsa liwiro la madzi ndi kuwamwaza ponse-ponse. Mcenga umayamba kukhala pansi, kenaka dothi losalala, ndipo fosiforasi wokangamira ku dothilo amatsala pomwepo. Imeneyi ndiyo njira yogwira fosiforasi wambiri wocokera m'minda yolimidwa.

Njira yaciwiri ndi kugwira kwa nthaka. M'dothi muli citsulo ca mtundu wa dzimbiri, ndico cimene cimafiiritsa katondo. Mulinso aluminiyamu, wa mtundu womwe amasulira mapoto, ndipo m'nthaka zina muli laimu. Zitatu zimenezi zimakoka fosiforasi wosungunuka m'madzi ndi kumgwira zolimba. M'nthaka yowawasa amagwidwa ndi dzimbiri ndi aluminiyamu, ndipo m'nthaka ya laimu amagwidwa ndi laimuyo. Dothi losalala limagwira koposa mcenga, pakuti timibulu tace ndi tambiri-mbiri ndipo tiri ndi malo ambiri ogwirira.

Njira yacitatu ndi kudya kwa zomera. Bango, gumbwa, udzu, ndere ndi tizirombo ta m'nthaka zimadya fosiforasi pamene zikukula. Koma zomera zikafa ndi kuola, zimabweza wambiri wa iye m'madzi. Wokhalitsa ndi uja amene ali m'mizu ndi m'masamba okwiririka pansi pa madzi, kumene zinthu siziola msanga. Caka ndi caka zotsalira zimenezi zimasanjikizana, ndipo zimapanga nthaka yakuda bii, yofewa, imene imapezeka pakati pa madambo ena.

MATOPE A PANSI PA MTSINJE

Fosiforasi amene wapulumuka m'dambo amakomana ndi mlonda waciwiri, ndiye matope a pansi pa mtsinje. Matopewa amakhala pa malo odekha, m'maiwe ndi m'mbali mokhota, ndipo ali nalo dothi losalala ndi dzimbiri monga nthaka ya m'dambo.

Macitidwe a matope afanana ndi a nkhokwe ya m'mudzi, imene imalandira cimanga m'nyengo ya masika ndi kucipereka m'nyengo ya njala. Madzi odutsa pamwamba akakhala ndi fosiforasi wambiri, matope amamtenga. Madzi akayera ndi kukhala naye wocepa, matope amamturutsa pang'ono-pang'ono. Matope amene sanalandirepo zambiri amatenga msanga ndi kubweza pang'ono. Matope amene adzala amatenga pang'ono ndi kubweza zambiri.

Cifukwa cace mtsinje sucira tsiku limodzi. Ngakhale alimi onse a kumtunda atasamala minda yao caka cino, matope amapitirira kuturutsa fosiforasi wa zaka zakale, nthawi zina kwa zaka makumi angapo. Ndiponso cigumula cikadza cimabvundula matopewo ndi kuwasenza kunka nawo kumunsi, kufikira atakhazikika m'damu kapena m'nyanja.

PAMENE DAMBO LIBWEZA ZIMENE LINAGWIRA

Pali kusiyana kwakukuru pakati pa naitrojeni ndi fosiforasi. Tizirombo ta m'dambo timakhoza kusandutsa naitrojeni kukhala mpweya, ndipo amauluka nacokeratu. Fosiforasi alibe njira yotere ya kumwamba. Dambo silimamuononga ai, limangomsunga, ndipo cosungidwa cikhoza kuturukanso. Izi zimacitika m'njira zinai.

Coyamba, nthaka ikhoza kukhuta. Malo ogwirira a pa dzimbiri ndi pa dothi ali ndi malire ace. Akadzala onse, fosiforasi watsopano amangodutsa.

Caciwiri, dzimbiri limagwira pokha-pokha pamene pali mpweya. Nthaka ikamira m'madzi osayenda kwa masabata ambiri, tizirombo timatha okosijeni yense, ndipo pambuyo pace timatembenukira ku dzimbiri. Citsulo cimasintha, cimataya kufiira kwace, ndi kusungunuka m'madzi, ndipo fosiforasi amene cinagwira amamasuka. Ndico cifukwa cace dothi la pansi pa dambo limaoneka lotuwa, la mathotho-mathotho ofiira m'njira za mizu mmene mpweya umalowa. Pa kasupe wa m'mbali mwa dambo pamaoneka nthawi zina utoto wofiirira, ndi kanthu konyezimira ngati mafuta pamwamba pa madzi. Cimeneco ndi citsulo cosungunuka cimene cakomananso ndi mpweya, nicitanso dzimbiri, ndipo dzimbiri latsopanolo limagwiranso fosiforasi. Momwemonso kakhungu kofiirira ka pamwamba pa matope a mumtsinje kali ngati cibvundikiro ca mphika. Madzi akakhala ndi mpweya, cibvundikiro cimakhala cotseka, koma mpweya ukatha cimatseguka.

Cacitatu, dambo likaumitsidwa ndi ngalande, mpweya umalowa m'nthaka yakuda ija, ndipo imaola msanga. Fosiforasi wosungidwa kwa zaka zambiri amamasuka, ndipo mvula yoyamba imamtsukira kumtsinje. Ngalande yoongoka imathamangitsanso madzi, kotero kuti dothi silipeza nthawi yokhala pansi.

Cacinai, moto wa lupsya umasandutsa udzu ndi bango kukhala phulusa, ndipo fosiforasi wa m'phulusa amatsukika msanga. Mvula yoyamba imapeza dambo liri lambee, lopanda mapesi oletsa madzi.

MADAMBO AKURU

Kumadzulo kwa Kabwe kuli dambo la Lukanga, limene limalandira madzi osefukira a mtsinje wa Kafue ndi kutula dothi lace. Kumunsi kwace, pakati pa damu la Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge, kuli cigwa ca Kafue Flats, cotalika ngati makilomita 240, kumene Aila ndi Atonga amadyetsa ng'ombe zao. Kumpoto kuli madambo a Bangweulu. Pa 2 February 1971 maiko anapangana mumzinda wa Ramsar ku Iran kuti asunge malo otere, ndipo m'caka ca 1991 Kafue Flats ndi Bangweulu analembedwa m'kaundula wa pangano limenelo.

Maiko ena amene anaononga madambo ao akumanga atsopano ndi ndarama zambiri. Ku Florida, m'dziko la America, lamulo la caka ca 1994 linalamula kuti madzi ocokera m'minda ya nzimbe ayambe ayeretsedwa asanalowe m'dambo la Everglades. Cotero anthu anamanga madambo opanga okha, oposa mahekitala 20,000, ndipo nchito yace ndi imodzi, kugwira fosiforasi.

Koma madambo ang'ono-ang'ono a kumidzi, monga a ku Chipata, Katete ndi Petauke, nawo ndi ofunika ndithu, pakuti ndiwo ali pafupi ndi minda, ndipo ndiwo amayamba kulandira madzi asanafike mumtsinje waukuru.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Nzeru yoposa zonse ndi kusunga fosiforasi m'munda momwemo. Mlimi wocenjera amalima mizere yopingasa pa citunda, namanga migula, nabzala udzu wa vetiva m'mbali mwace. Amasiya mapesi m'munda kuti aphimbe nthaka. Feteleza amamuika m'kadzenje pafupi ndi mbeu ndi kumkwirira, ndipo sathira pamene mitambo ya mvula yaikuru yayandikira. Kuti adziwe muyeso woyenera amafunsa alangizi a zaulimi, pakuti nthaka ikhoza kupimidwa ku malo ofufuzira zaulimi monga ku Mount Makulu kufupi ndi Chilanga.

Khola la ng'ombe, dzenje la manyowa ndi cimbudzi ziyenera kukhala kutali ndi mtsinje ndi citsime. Madimba ndi cuma ca mudzi, pakuti amapatsa ndiwo ndi mondokwa m'cirimwe, koma malo ace ndi m'mbali mwa dambo. Pakati pa dambo, pamene madzi amayenda, ndi m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje, udzu ndi bango zisiyidwe. Kumweta udzu wofolera ndi kudula bango la mphasa mwa muyeso sikuononga dambo, ndipo kumacotsako pang'ono fosiforasi amene zomerazo zinadya. Dothi lotsakamira kumunsi kwa munda libwezedwe kumtunda ndi khasu, pakuti ndilo la nthaka yonse lokoma koposa.

Dambo limodzi limakhudza mabanja ambiri. Wa kumtunda akalima kufikira m'madzi, wa kumunsi ndiye amamwa matope. Cifukwa cace nkhani ya malire a madimba ndi ya nthawi yochera moto iyenera kukambidwa pa bwalo, pamaso pa mfumu ndi anthu onse. Madzi akatayika saoleka, ndipo feteleza amene walowa mumtsinje sabwereranso kwa mwini wace.

ZOCITA

1. Tungani madzi a mvula othamanga m'njira, muwathire m'botolo loonekera, ndi kuliika pa malo osagwedezeka. Lembani zimene muona patapita mphindi 5, ora limodzi, ndi masiku 2.

2. Sankhani malo awiri otsetsereka mofanana, ena a udzu, ena opalidwa. Thirani cidebe cimodzi ca madzi pa malo ali onse, ndi kulandira madziwo kumunsi m'mbale. Linganizani mtundu wa madzi a m'mbale ziwirizo.

3. Ikani katondo m'botolo kufikira pakati, onjezani supuni imodzi ya shuga, ndipo mudzaze madzi. Tsekani mosalimbitsa, kuti mpweya wa m'kati uziturukako. Yang'anani mtundu wa dothi sabata iri yonse kwa mwezi umodzi.

4. Pitani ndi aphunzitsi anu ku dambo, mufune madzi onyezimira ngati mafuta. Akhudzeni ndi kamtengo. Ngati ndi citsulo, kakhunguko kadzasweka zidutswa-zidutswa, koma ngati ndi mafuta kadzalumikizananso.

MAFUNSO

1. Kodi fosiforasi agwira nchito yanji m'thupi la munthu ndi m'mbeu?
2. Chulani njira ziwiri zimene fosiforasi amacokera m'munda.
3. Kodi David Schindler anatsimikiza ciani m'caka ca 1973?
4. Fotokozani njira zitatu zimene dambo limagwirira fosiforasi.
5. Cifukwa ninji dothi la pansi pa dambo liri lotuwa?
6. Matope a mumtsinje afanana bwanji ndi nkhokwe?
7. Mlimi wathira matumba 4 a Compound D. Ngati thumba liri lonse liri ndi makilogalamu 4 a fosiforasi, ndipo mbeu zadya gawo limodzi mwa magawo 4, atsala makilogalamu angati?
8. Lembani kalata ya mizere 10 kwa mfumu ya mudzi wanu, yofotokoza cifukwa cace pakati pa dambo sipayenera kulimidwa.